Khola la nkhuku likamanyowa ndi kununkha dzinja lililonse: kupeza gwero ndi kukonza

Vutoli limabwera mofanana chaka ndi chaka. Khola lomwe linali bwinobwino mu Okutobala limayamba kununkha mvula ikangokhazikika mu Disembala. Utuchi wapansi umagwirana n'kupanga nkhoko pamwamba, kunsi kwake kuli matope okhaokha. Nkhuku zimayetsemula usiku, maso amalengeza misozi, mazira amatoledwa atapakika zitosi, ndipo pofika mu Januwale kapena Febuluwale anapiye a masabata 3 mpaka 6 amayamba kuchita zitosi zamagazi n'kumafa. Mwininkhuku amakagula mankhwala osungunula m'madzi, zinthu zimakhalako bwino sabata imodzi, kenako zonse zimabwerera mwakale. Zimabwerera chifukwa gwero lake lili m'kamangidwe ka khola, ndipo mankhwala saumitsa pansi.

Chinyezi chimapha nkhuku m'njira ziwiri zikuluzikulu. Zitosi zonyowa zikamawola zimatulutsa mpweya wa amoniya, uja woswa mphuno, umene umawononga timaubweya tam'kholingo tomwe timakankhira fumbi ndi majeremusi kunja. Chimfine chimapeza khomo lotsekula kale. Njira yachiwiri ndi ya matenda otsegula m'mimba amagazi omwe alangizi amawatchula kokisidiyosisi. Timazira ta tizilombo take timatuluka ndi zitosi tisanakhwime, ndipo timafuna malo ofunda ndi onyowa kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti tikhale toopsa. Pansi pouma tambiri sitikhwima. Pansi ponyowa mwanapiye amatitola nthawi iliyonse akajompha.

Pezani kaye kumene madzi akuchokera

Musayambe ndi kugwetsa khoma kapena kugula malata. Madzi a m'khola amachokera pansi panthaka, padenga, kumbali ndi mvula yamphepo, m'zomwera, kapena m'matupi a nkhuku zenizenizo, ndipo kulikonseko kuli ndi kakonzedwe kake.

Lowani m'khola mbandakucha musanatsekulire nkhuku, mugwade kuti mphuno yanu ifike pamene pamafika mutu wa nkhuku. Ngati maso akuwawa kapena mphuno ikuswa, mpweya sukuyenda mokwanira. Mukaimirira chilili simungamve bwino, pakuti fungo limachokera pansi pomwe nkhukuzo zimapumira. Kenako yang'anani kunsi kwa malata. Madontho ondandalikana malo onse usiku woti sikunagwe mvula ndi nthunzi ya mpweya wa nkhuku, osati kudontha kwa denga.

Tapani utuchi wodzadza dzanja m'malo angapo, mufinye. Wabwino umagwirana pang'ono n'kuyoyoka mukatambasula dzanja. Ukatsala chibulunga ngati mbamu ya nsima ndiye kuti wanyowa mopitirira. Onani pomwe pali wonyowayo. Ngati wazungulira chomwera basi, vuto ndi chomwera. Ngati watsatira khoma limodzi, ndi mvula yowomba chammbali kapena madzi othamanga panja. Ngati uli pamalo amodziamodzi ozungulira, kwezani maso, mupeza bowo la msomali. Ngati khola lonse lanyowa mofanana, chitani ichi: palani utuchi mpaka pansi penipeni, yalani pulasitiki wa masentimita 50 mbali zonse, mupanikize m'mphepete ndi njerwa, mumusiye usiku wonse. Madontho akapezeka kunsi kwa pulasitikiyo, chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka. Akapezeka pamwamba pake, chikuchokera mumpweya wa m'kholamo.

Madzi okwera kuchokera pansi

Makola ambiri akuseri kwa nyumba amamangidwa pamalo amene anatsala, nthawi zambiri kumunsi kwa bwalo, pafupi ndi bafa kapena pomwe madzi a denga la nyumba yaikulu amagwera. Pansi pa khola pakafanana ndi bwalo, utuchi umayamwa madzi ngati chingwe cha nyale.

Pansi pa khola pazikhala pokwera masentimita 20 mpaka 30 kuposa panja. Ngati khola laima kale, chotsani zoyala zonse ndi dothi lovunda lapamwamba, thirani miyala kapena zidutswa za njerwa zootcha masentimita 10 mpaka 15, mutsendere kwambiri, muyale mchenga pang'ono kuti miyala isaboole pulasitiki, kenako pulasitiki wakuda wochindikala uja amaika amisiri pa maziko a nyumba. Mapepala a pulasitikiwo azilowana masentimita 20 ndipo azikwera pang'ono m'makoma. Pamwamba pake ndi pomwe muike konkire wa masentimita 5: ndowa 1 ya simenti, ndowa 3 za mchenga, ndowa 6 za miyala ing'onoing'ono. Pa khola la mamita 2 mulifupi ndi mamita 3 mulitali, matumba 2 a simenti amakwana. Pendeketsani pansipo masentimita 2 pa mita iliyonse kulozetsa kukhomo kuti potsuka madzi azituluka okha, ndipo muzithirira konkireyo masiku 7 asanalowemo nkhuku. Konkire wouma mwachangu amang'aluka, ndipo m'ming'alumo ndi momwe utitiri ndi makoswe amayambira.

Simenti akavuta, dothi lapachulu losakaniza ndi mchenga, lotsendera bwino pamwamba pa pulasitiki yemweyo ndi kuzira, limagwira ntchito, koma likhale lochindikala masentimita 10 chifukwa nkhuku zimafukula. Muzizira kachiwiri chaka chilichonse mvula isanayambe.

Panja kumbani ngalande kumtunda kwa khola, yakuya masentimita 30, itembenuze madzi adutse m'mbali. Anthu ambiri amakumba ngalande kumunsi, komwe madzi amafika atadutsa kale m'khola.

Pali malo ena omwe zonsezi n'kutaya simenti. Kudambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kapena kuchigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje komwe madzi amasefukira, mangani khola lam'mwamba. Nsanamira zikweze pansi pa khola mita 1, ndipo pansipo payalidwe nsungwi zong'amba kapena timatabwa tosiyana mpata wa masentimita pafupifupi 2, kuti zitosi zizigwa koma mwendo wa nkhuku usakodwe. Mbali yomwe muli anapiye muyale mphasa kapena waya wa maso aang'ono. Kunsi muzisesa kawiri pa sabata, apo ayi fungo lomwe munalithawa likwera kudzera m'mipata yomweyo. Nsanamira za bulugamu ziwaulidwe pamoto chakutsinde ndi kupakidwa oyilo wakutha wa galimoto mbali yolowa m'nthaka yokha, kuti chiswe chisazidye. Nsungwi zikhale zokhwima, zodulidwa nthawi yopanda mvula, ndipo zikaviikidwa m'madzi masabata 3 kapena 4 sizifumbwa msanga.

Denga ndi mvula yamphepo

Apa zolakwika zake n'zodziwika ndipo sizichedwa kukonza. Misomali ya malata ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi. Malata azilowana mizere umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 15 mpaka 20 kumapeto. Denga lopendekera mbali imodzi litsike masentimita 20 pa mita iliyonse: kutsogolo mamita 2.2, kumbuyo mamita 1.8 pa khola la mamita 2 mulifupi. Malata akale ogula kwa ophwasula nyumba amabwera ndi mabowo, choncho aunikeni padzuwa musanakhome, ndipo mutseke mabowowo ndi phula. Denga laudzu ndi lozizira bwino mu Okutobala kuposa lamalata, koma limafuna kutsetsereka kwambiri, kukwera mita 1 pa mita iliyonse, ndi pulasitiki kunsi kwa udzu. Udzu wofolera mopanda kutsetsereka umasunga madzi n'kuvunda chaka chimodzi.

Chomwe chimaiwalika kawirikawiri ndi kutalika kwa denga kupitirira khoma. Lata likathera pakhoma penipeni, mvula yamphepo imalowa pawaya mpaka pakati pa khola. Denga lituluke masentimita 60 mbali zonse, ndipo mbali yomwe kumachokera mvula lifike mita 1. Kuti mudziwe mbaliyo onani nyumba yanu: khoma lomwe pulasitala kapena dothi limakokoloka ndi lomwelo.

Mpweya: apa ndi pomwe makola ambiri amalakwika

Munthu amene likongwe anamuphera nkhuku usiku umodzi amamanga khola longa nkhokwe yomata, njerwa mpaka kudenga, n'kusiya kabowo kamodzi. Wina amakuta khola lonse ndi pulasitiki poopa kuzizira. Nzeru yake n'njomveka, koma ziwerengero zikukana. Thadzi limodzi limamwa madzi pafupifupi kotala la lita pa tsiku, kukatentha n'kupitirira apo, ndipo limachita zitosi zoposa magalamu 100, zomwe magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Nkhuku 20 zimamwa malita 5 tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa madziwo amatsala m'khola momwemo kudzera m'zitosi ndi mumpweya wopuma. Palibe utuchi ungamwe malita amenewo sabata ndi sabata. Chowachotsa ndi mphepo yodutsa basi. Khola lotsekeka limanyowa ngakhale denga lake lisadonthe n'kamodzi komwe.

Nkhuku yaikulu yokhala ndi nthenga zonse siopa chisanu cha kuno ngati ili youma ndipo mphepo siikuiwomba mwachindunji. Chomwe chimaipha ndi kutentha, popeza nkhuku situluka thukuta ndipo imadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu.

Kakonzedwe kake ndi aka. Makoma awiri aatali akhale a njerwa mpaka masentimita 50 kapena 60 okha, kuchoka apo mpaka kudenga waya. Ngati makoma anafika kale pamwamba, gumulani mawindo aakulu mbali ziwiri zoyang'anana, osati mbali imodzi, chifukwa mphepo silowa pomwe ilibe potulukira. Pamwamba penipeni, pomwe khoma limakumana ndi denga, pakhale mpata wa masentimita 15 mpaka 20 wotchinga ndi waya, chifukwa mpweya wofunda ndi wonyowa umakwera. Pomanga latsopano, utali wa khola uloze kum'mawa ndi kumadzulo, makoma afupiafupi otseka ayang'ane komwe dzuwa limatulukira ndi komwe limalowera. Mukatero dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limayenda pamwamba pa denga osalowa m'kati, pamene mu Juni ndi Julayi, dzuwa likapendekera kumpoto, limalowa pawaya wa mbali imeneyo n'kuumitsa pansi nthawi yomwe kukufunika kufunda. Musamange khola mothinana ndi mpanda wanjerwa. Siyani mpata wa mita 1 kapena kuposa.

Nthawi ya mwera, komanso masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, pachikani makatani a matumba ochapa bwino mbali ya kummwera. Makataniwo azimangidwa pansi n'kumakwezedwa chokwera m'mwamba, kusiya mpata wa masentimita 20 mpaka 30 pamwamba usiku uliwonse. Anthu ambiri amawakhomera kudenga n'kumawatsitsa, zomwe zimatseka potulukira nthunzi n'kusiya mphepo yozizira ikuwomba nkhuku kumiyendo. Thumba limapuma pang'ono, pulasitiki sapuma konse. Ndipo ngati mumafunditsa anapiye ndi mbaula yamakala, kutseka kotheratu kumawapha ndi utsi wosaoneka wa makala usiku umodzi wokha.

Tsono za likongwe zija. Chomuletsa ndi kukula kwa diso la waya, osati kuchepa kwa windo. Waya wamba wa nkhuku wa maso a masentimita 2.5 kapena 5 anapangidwa kuti nkhuku zisatuluke. Makoswe aang'ono ndi njoka amadutsapo, galu amaung'amba, ndipo pansi amachita dzimbiri m'zaka zochepa. Gulani waya wowotcherera wa maso a mamilimita 13, omwe m'mashopu amati hafu inchi. Ndi wokwera mtengo, choncho ndalama zikachepa muike wolimbayo mita yoyamba kuchokera pakhoma, wamba pamwamba pake, ndipo malo ogona anapiye akhale ndi wolimba mbali zonse. Waya apanikizidwe ndi kathabwa kokhomera pamwamba pake, osati misomali yopinda yokha, chifukwa zilombo zimayamba kukoka m'mphepete. Ngati pansi ndi padothi, kwirirani waya masentimita 30 kuzungulira khola n'kumupindira kunja masentimita ena 30, kuti chokumba chikumane naye. Yang'ananinso mipata itatu yomwe imaiwalika: kunsi kwa chitseko, mbali ya mahinjesi, ndi timipata ta mizere ya malata pamwamba pa khoma. Paliponse polowa chala chachikulu patsekedwe. Pa khola lam'mwamba, vekani nsanamira iliyonse lata lopinda ngati chipewa choyang'ana pansi kuti makoswe asakwere, ndipo makwerero a nkhuku muzichotsa madzulo.

Musaike tameki kapena poizoni wina wa makoswe pafupi ndi khola. Nkhuku zimajompha khoswe wakufa, ndipo pabwalo pali agalu ndi ana. Misampha, ndi kuchotsa zodyera usiku, n'zokwanira.

Zomwera ndi chakudya

Beseni lapansi ndi dziwe: nkhuku zimapondamo, kulitaya, n'kuchitiramo zitosi. Chomwera chilichonse, kaya chogula kapena chigubu cha malita 5 chobooledwa m'mbali, chipachikidwe kapena chikhale panjerwa kuti mlomo wake ufanane ndi msana wa nkhuku, ndipo muzichikweza nkhuku zikamakula. Kunsi kwake ikani felemu yamatabwa yokhomedwa waya pamwamba pa beseni, kuti madontho agwere m'menemo. Nkhuku zoyendayenda masana zizimwera panja pamthunzi, pakuti mumdima sizimwa.

Zitosi zikakhala zamadzimadzi pa nkhuku zooneka zathanzi, funsani za mchere. Osakaniza okha chakudya cha madeya, soya ndi usipa amaonjeza mchere ndi dzanja, kuiwala kuti nsomba zina zouma zili nawo kale. Magalamu 150 pa thumba la makilogalamu 50 ndi okwanira. Mchere ukachuluka nkhuku zimamwa kwambiri ndipo pansi sipauma. Madzi a mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere kale, ndipo oweta kumeneko achepetse wa m'chakudya.

Kuchuluka kwa nkhuku, pogona ndi zoyala

Khola la mamita 2 ndi 3 limasunga nkhuku zachikuda kapena za Mikolongwe pafupifupi 20, kutanthauza 3 kapena 4 pa sikweya mita. Vuto limadza pang'onopang'ono: khola linamangidwira nkhuku 12, matadzi aswa, misoti yakula, tsopano muli 35. Pamenepo palibe kukonza kwina koposa kugulitsa zina kapena kukulitsa khola.

Nkhuku iliyonse imafuna masentimita 20 mpaka 25 pamtengo wogonapo, ndiye nkhuku 20 zimafuna mitengo iwiri ya mamita 2.5. Mtengowo ukhale wonenepa masentimita 4 kapena 5, wosendedwa makungwa, wokwera masentimita 60 mpaka 80, ndipo yonse ikhale yofanana kutalika kuti zisamalimbirane wapamwamba. Zitosi zambiri zimagwa usiku pansi pa mitengoyi. Ikani lata kapena thabwa kunsi kwake, muzipala m'mawa uliwonse n'kukathira pa mulu wa manyowa. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi imachotsa madzi ambiri m'khola kuposa china chilichonse chotsika mtengo. Zisa zikhale za masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa matadzi 4 kapena 5, zotsika kuposa mitengo yogonapo, apo ayi nkhuku zizigonamo n'kudetsa mazira.

Zoyala zikhale zakuya masentimita 10. Zoonda zimakhuta madzi m'masiku atatu. Zopala za matabwa zochokera kwa akalipentala n'zabwino kuposa utuchi wosalala wa macheka, womwe umagwirana msanga ndipo anapiye amaudya. Mankhusu a mpunga, omwe amapezeka ochuluka kuzigayo za ku Karonga, Nkhotakota ndi Salima, sagwirana msanga. Makoko a mtedza ndi abwino pokhapokha ngati ali ouma ndi opanda chuku, chifukwa fumbi la chuku limawononga mapapo a anapiye. Tembenuzani zoyala ndi khasu kawiri pa sabata, ndipo ponyowa muchotsepo ndi fosholo, osati kukwirira ndi zouma. Sungani matumba a zoyala zouma mu Okutobala, chifukwa mu Januwale ngakhale za kwa kalipentala zimakhala zitayamwa chinyezi.

Chenjezo pa phulusa ndi laimu. Anthu ambiri amawaza izi pa zitosi zonyowa kuti fungo lithe, koma zikakumana ndi zitosi zimatulutsa amoniya wambiri nthawi imodzi, nkhuku zili m'kati momwemo. Laimu womangira akanyowa amawotchanso mapazi. Malo ake ndi pansi popalidwa ndi pouma, nkhuku zitatuluka: wazani pang'ono, dikirani tsiku, muyale zoyala zatsopano pamwamba. Phulusa ntchito yake yabwino ndi posambira nkhuku, losakaniza ndi mchenga wouma m'tayala lakutha kapena m'bokosi pansi pa denga.

Utitiri ukabwera limodzi ndi chinyezi

Khola lamdima ndi la ming'alu limasunga utitiri ndi nkhufi. Izi zimabisala masana m'makungwa, m'mphako za nsungwi ndi pomwe mitengo yalumikizana, n'kumayamwa magazi usiku. Chizindikiro chake ndi nkhuku kukana kulowa madzulo, lipombo kuyera, ndi thadzi kuthawa mazira masiku 21 asanakwane. Pitani ndi tochi usiku, mupukute kunsi kwa mtengo wogonapo ndi kansalu koyera. Mizere yofiira ndi umboni. Kuthira mankhwala pa nkhuku zokha sikuthandiza. Tulutsani mitengo ndi zisa, otchani udzu wa m'zisa, thirani madzi owira m'malumikizano onse, matani ming'alu ndi kupaka makoma laimu, kenako gwiritsani ntchito mankhwala a ufa opangidwira nkhuku motsatira zolembedwa papaketi. Bwerezani pakatha masiku 7, chifukwa mazira a tizilomboti amakhala ataswa. Mankhwala a mbewu kapena a m'nkhokwe asapite pa nkhuku. Popeza zimafunika kutulutsidwa, mitengo yogonapo ndi zisa siziyenera kukhomedwa kukhoma: zikhale zochotseka.

Mukakonza zonsezi koma nkhuku zikufabe

Khola louma limachepetsa chimfine ndi kutsegula m'mimba, koma silitchinga chitopa. Nkhuku zikamafa zambiri m'masiku ochepa, zitosi zili zobiriwira, mapiko atagwa, zina zitapindika khosi, ndiye chitopa, ndipo chilibe mankhwala ochiza. Chotchinga ndi katemera, monga wa I-2 wodonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira anapiye, miyezi 4 iliyonse, nkhuku zisanadwale. Alangizi a ziweto a kudera kwanu amadziwa nthawi ya katemerayu ndi kumene akupezeka. Nkhuku zofa zikwiriridwe mozama kapena ziotchedwe, ndipo yobwera kumene, kaya yogula pamsika kapena yamphatso, ikhale payokha masabata 2 isanalowe m'khola. Anapiye ochita zitosi zamagazi apatsidwe mankhwala a kokisidiyosisi otchedwa amprolium m'madzi malinga ndi muyeso wolembedwa, ndipo tsiku lomwelo asamutsidwire pa zoyala zouma.